Nkhope ya agogo ndi makina ofuna munthu wosagwedezeka

Pa tchuthi cha Khirisimasi chapitachi ndinapita kumudzi nditanyamula laputopu ndi kamera yaing'ono yoyeza kuya, imene ndinabwereka kwa mnzanga wa kuntchito. Cholinga changa chinali kujambula nkhope ya agogo anga aamuna m'litali, m'lifupi ndi m'kuya kwake, kuti banja lathu likhale ndi chifaniziro chawo chimene munthu angathe kuchitembenuza pa kompyuta n'kuona kutalika kwa mphuno, kulowa kwa masaya ndi makwinya a pamphumi monga momwe zilili. Zithunzi zawo tili nazo zambiri, koma chithunzi wamba ndi chafulati, ndipo sichisunga kaumbidwe ka mutu wa munthu.

Ndisanawavutitse agogo, ndinayamba ndayesa pa mutu wosema wa mtengo wa m'bawa umene umakhala pamwamba pa kabati m'nyumba mwawo. Ndinauika pa mpando, ndinauzungulira ndi kamera pang'onopang'ono, ndipo posakhalitsa unaonekera pa laputopu uli wathunthu, milomo, makutu ndi zonse zili m'malo mwake. Mtima wanga unakhala pansi. Kenaka ndinawakhazika agogo pa kampando kopanda chotsamira pakhonde, pamthunzi, popeza kuwala kwa dzuwa kumasokoneza kamera za mtundu umenewu. Kwa zaka zingapo tsopano mutu wawo umanjenjemera pang'ono, ngati munthu amene akukana chinthu mwaulemu, ndipo pakhomo tinazolowera kotero kuti sitikuonanso n'komwe.

"Agogo, tayesani kuukhazika mutuwo pang'ono pokha, sindichedwa ayi," ndinawapempha.

"Mdzukulu wanga, sindikuchitira dala. Mutuwu unayamba kalekale kudziyendera wokha," anandiyankha motero.

Chimene chinatuluka pa laputopu sichinali nkhope ya agogo anga. Mphuno inali yonenepa ngati ziwiri zosanjikizana, khutu lakumanzere linali ndi mkombero wachiwiri, ndipo pamene panayenera kukhala maso panali timaenje. Ndinaganiza kuti vuto lonse linali kunjenjemera kwawo, ndiye ndinakhala pa mpando womwewo ine mwini, mlongo wanga n'kugwira kamera. Ine sindinjenjemera, ndipo ndinayesetsa kukhala phee ndi mtima wonse. Komabe chifaniziro changa chinatuluka ndi chibwano chopendekera kumbali pang'ono, chosiyana ndi chimene ndimachiona pa galasi m'mawa uliwonse. Usiku umenewo ndinagona ndi funso limene silinandichokebe mpaka lero. Ine ndinkangofuna chikumbutso cha pabanja, ndipo chikalakwika palibe amene amataya kanthu. Koma makina a mtundu womwewu ali m'mafoni ndi pa zitseko za maofesi ena, ndipo kumeneko ntchito yawo ndi kugamula ngati munthu waima pamaso pawoyo alidi amene akudzitchulayo.

Luso lozindikira munthu ndi nkhope linayamba ndi zithunzi zafulati, ndipo mpaka pano ndi zimene zili ponseponse. Zofooka zake n'zodziwika: kuwala kukasintha kapena munthu akapotoza khosi, chithunzi cha munthu mmodzi yemweyo chimasintha kwambiri, komanso makina osachenjera angathe kunamizidwa ndi chithunzi chosindikizidwa papepala. Akatswiri anaganiza zoyeza kaumbidwe kenikeni ka nkhope, poti mphuno ya munthu sifupika chifukwa chakuti kunja kwada. Makina oterewa, amene ambiri amangowatchula kuti a 3D, amapeza mtunda wochokera pa kamera kukafika pa malo zikwizikwi a pankhope, ndipo chotuluka chake ndi mulu wa timadontho, kalikonse kali ndi manambala atatu osonyeza pamene kali. Pozindikira munthu, kompyuta imatenga mulu wa lero n'kuusanjika pa mulu umene unasungidwa tsiku la kalembera, kenaka n'kuona kuti yasiyana motani. Apa mpofunika kukumbukira kuti nkhope za anthu n'zofanana kwambiri kuposa momwe maso athu amatiuzira. Chimene chimasiyanitsa munthu ndi mnansi wake nthawi zambiri ndi mamilimita owerengeka apa ndi apo, motero kulakwitsa ndi mamilimita awiri kapena atatu si nkhani yaing'ono pa ntchito yotere.

Makina amene ofufuza ankadalira kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anali oyendetsa mzere wa kuwala kwa laser pankhope. Mzerewo ukagwera pa khoma losalala umaoneka wowongoka, koma ukagwera pankhope umapindika motsatira mphuno ndi masaya, ndipo kamera yoikidwa chapatali pang'ono imaona kupindikako n'kuwerengera kuya kwa malo aliwonse. Pakati pa 2004 ndi 2006 bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linayendetsa mpikisano wotchedwa Face Recognition Grand Challenge. Nkhope za 3D zimene magulu opikisana anagwiritsa ntchito zinajambulidwa pa University of Notre Dame, ku Indiana, ndipo gawo lake lotchuka linali ndi zifaniziro 4,007 za anthu 466, zojambulidwa ndi makina a Minolta Vivid 900 ndi 910. Makinawa akamayeza mosamalitsa ankatenga masekondi pafupifupi 2.5 kuti mzere udutse nkhope yonse, ndipo chithunzi cha mitundu ankachijambula pa nthawi yosiyana ndi yoyeza kuya. Chifukwa cha zimenezi, m'zifaniziro zina khungu ndi kaumbidwe sizigwirizana: diso la pa chithunzi lili pena, dzenje la disolo lili chapambali pake. Makina akale a Cyberware, amene ankazungulira mutu wonse, ankatenga masekondi oposa 10.

Masekondi 2.5 amamveka ochepa, koma tiyenera kuona chimene chimachitika m'kati mwake. Makinawo saona nkhope yonse nthawi imodzi. Amaiwerenga mzere ndi mzere, monga momwe mmisiri amayalira njerwa. Tiyerekeze kuti mzere wayambira pamphumi n'kumatsika. Mphumi yayezedwa poyambirira, mphuno patapita sekondi imodzi, chibwano kumapeto. Ngati mutu ukusendera kumanja ndi milimita imodzi yokha pa sekondi, liwiro limene mwini wake sangalimve m'thupi, chibwano chidzalembedwa mamilimita 2.5 kutali ndi pamene chiyenera kukhala poyerekeza ndi mphumi. Ngati mutu ukudza kutsogolo, m'munsi mwa nkhope mudzaoneka motuluka ngati munthu wa nsagwada yaitali. Ngati ukuwerama kapena kuweramuka, nkhope idzatalika kapena kufupika. Mmisiri amene chingwe chake chasuntha ali pakati pa ntchito amamanga khoma lopendekeka, ngakhale njerwa iliyonse payokha waiika bwino.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti cholakwika chimenechi sichidzionetsa. Munthu akasuntha pojambulidwa ndi kamera wamba, chithunzi chimatuluka cha mbuu, ndipo wojambula aliyense, ngakhale mwana, amadziwa kuti ayenera kubwereza. Koma pa makina owerenga mzere ndi mzere, mzere uliwonse ndi wolondola ndiponso wooneka bwino. Chotuluka chake ndi nkhope yosalala, yomveka bwino, yooneka yodalirika, koma ya munthu amene kulibe padziko lapansi. Chibwano changa chopendekeka chija ndinachizindikira chifukwa nkhopeyo ndi yanga ndipo ndakhala nayo moyo wanga wonse. Wogwira ntchito amene akujambula anthu ambirimbiri patsiku, anthu amene sanawaonepo ndi kale lomwe, alibe chomuchenjeza kuti chibwano chimene akuona pa kompyuta si cha munthu wakhala patsogolo pakeyo.

Wina anganene kuti ndi nkhani yongomuuza munthuyo kuti akhale phee. Koma thupi lamoyo silidziwa kukhala phee. Munthu wamkulu amene akupumula amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi, kutanthauza kuti masekondi 2.5 ndi theka la kupuma kumodzi kapena kuposerapo, ndipo chifuwa chikakwera, mapewa ndi mutu zimatsatira. Mtima umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, ndipo magazi okankhidwira kumutu amaugwedeza pang'ono pa kugunda kulikonse. Mu 2013 ofufuza a ku yunivesite ya MIT, ku America, anasonyeza kuti n'zotheka kuwerenga kugunda kwa mtima wa munthu pongoyeza kugwedezeka kwa mutu wake mu vidiyo. Timaphethira ka 15 mpaka ka 20 pa mphindi, ndipo kuphethira kumodzi kumatenga pakati pa 0.1 ndi 0.4 ya sekondi, choncho si zachilendo kuti zikope zitsike makina ali mkati moyeza. Komanso munthu woimirira saima njo ngati mtengo wa magetsi. Thupi limapendekera kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali mosalekeza, minofu ya m'miyendo n'kumalibweza, ndipo mutu, pokhala pamwamba penipeni, ndi umene umayenda kwambiri. Zonsezi zimachitika mwa munthu wathanzi amene akufunitsitsa kumvera malangizo.

Vutoli ndi lakale ngati luso la zithunzi lomwe. Njira yojambulira zithunzi ya Louis Daguerre italengezedwa ku Paris mu 1839, kujambula kunkatenga nthawi yaitali moti ojambula a m'zaka zotsatira ankaimika chitsulo kumbuyo kwa khosi la wojambulidwa kuti chigwire mutu. Zitsulozo zinasiyidwa pamene makamera anayamba kufulumira. Pa chipata cha ofesi kapena pa bwalo la ndege palibe amene angalole chitsulo m'khosi mwake, choncho nafenso njira imene yatitsalira ndi yofulumizitsa makina.

Komabe kusuntha konse si kofanana, ndipo ndaona kuti anthu ambiri amakuphatikiza pokambirana. Kosavuta ndi kwakuti lero munthu wayang'ana chakumanzere pang'ono pamene tsiku la kalembera anayang'ana kutsogolo. Nkhope sinasinthe, yangotembenuka, ndipo kompyuta imatha kutembenuza mulu wa timadontho mpaka ugone bwino pa unzake. Njira yotchuka yochitira zimenezi imatchedwa ICP, ndipo anaifotokoza Paul Besl ndi Neil McKay mu 1992. Kadontho kalikonse kamafunafuna kanzake kapafupi pa mulu winawo, mulu wonse umasendezedwa kuti mipata ichepe, ndipo zimenezi zimabwerezedwa mpaka kusiyanako kutasiya kuchepa. Chotsala n'chakuti mbali imene inabisika kuseri kwa mphuno kapena kwa tsaya sinayezedwe, ndiye pamakhala dzenje. Koma ICP imatenga nkhope ngati mwala. Singawongole chifaniziro chimene chinapotoka chili mkati mojambulidwa, chifukwa imasendeza mulu wonse pamodzi: ikagwirizanitsa mphumi chibwano chimatsalira, ikagwirizanitsa chibwano mphumi imathawa, ndipo mpata wotsalawo kompyuta imauwerenga ngati umboni wakuti awa ndi anthu awiri osiyana.

Kusuntha kwina ndi kwa nkhope yeniyeniyo, monga kumwetulira, kukwinya, kuyankhula kapena kuyasamula. Apa nsagwada yatsika, masaya akwera, ndipo kaumbidwe kasinthadi. N'chifukwa chake ngakhale pa zithunzi zafulati za pasipoti, malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse, amafuna nkhope yosaseka ndi pakamwa potseka. Ofufuza a ku Notre Dame, Kyong Chang, Kevin Bowyer ndi Patrick Flynn, anasonyeza mu 2006 kuti zimathandiza kudalira madera ozungulira mphuno, amene sasintha kwambiri munthu akaseka kapena akakwiya. Ku yunivesite ya Technion, m'dziko la Israel, mapasa Alexander ndi Michael Bronstein pamodzi ndi Ron Kimmel anatenga njira ina yoyeza mitunda motsatira khungu, monga momwe nyerere ingayendere kuchoka pa nsonga ya mphuno kukafika pa tsaya, poganiza kuti khungu limapindika koma silitanuka kwambiri. Ganizo limeneli limavuta pakamwa pakatseguka. Pofuna kuyesa njira zoterezi, Binghamton University inatulutsa mu 2006 zifaniziro 2,500 za anthu 100 akusonyeza mkwiyo, mantha, chisoni, chimwemwe ndi zina, ndipo Boğaziçi University ya ku Istanbul inasonkhanitsa zifaniziro 4,666 za anthu 105, ena atatembenuza mutu, ena ataphimba mbali ya nkhope ndi dzanja kapena tsitsi. Ntchito yonseyi ndi yaikulu, koma imakhudza nkhope imene yasintha pakati pa kujambula kumodzi ndi kwina. Nkhope imene ikusintha makina ali mkati moyeza ndi nkhani ina, ndipo mankhwala ake enieni ndi nthawi.

Makina ena anafupikitsadi nthawiyo modabwitsa. A kampani ya 3dMD amagwiritsa ntchito makamera angapo ojambula onse pamodzi, monga momwe maso athu awiri amaonera kuya, ndipo amamaliza m'kati mwa pafupifupi 0.0015 ya sekondi. Pa nthawi yochepa chonchi, ngakhale mutu utamayenda masentimita 10 pa sekondi, umasuntha 0.15 ya milimita yokha. N'chifukwa chake madokotala okonza milomo ndi zigaza za ana amawakonda, poti khanda simungaliuze kuti lisatakatake. Koma makina oterewa ndi aakulu ndiponso okwera mtengo, ndipo si oti n'kuika pa chitseko chilichonse.

Njira imene inafika m'manja mwa anthu wamba ndi yowaza timadontho ta kuwala kwa infrared, kosaoneka ndi maso, pankhope yonse nthawi imodzi. Kinect yoyamba ya Microsoft, kamera ya masewera a pa kanema imene inatuluka mu 2010 ndi luso la kampani ya PrimeSense ya ku Israel, inkachita zimenezi ka 30 pa sekondi. Apple inagula PrimeSense mu 2013, ndipo mu 2017 inatulutsa iPhone X yokhala ndi Face ID, njira yotsegulira foni ndi nkhope, imene imawaza timadontho toposa 30,000. Popeza timadontho tonse timajambulidwa pamodzi, palibe mphumi yoyezedwa kale ndi chibwano choyezedwa mochedwa, ndipo n'chifukwa chake munthu amatha kutsegula foni ali paulendo. Mtengo wa liwirolo ndi wakuti timadonthoto n'tochepa poyerekeza ndi malo 307,200 amene makina a Minolta aja ankatha kuyeza pa chifaniziro cha 640 kwa 480, motero foni imadalira kwambiri chithunzi cha infrared ndi pulogalamu yophunzitsidwa ndi nkhope zambirimbiri. Apple imanena kuti mwayi woti munthu wongotoledwa pagulu atsegule foni ya mnzake ndi wosakwana umodzi pa 1,000,000, koma imavomereza kuti mwayiwo ndi wokulirapo kwa mapasa, abale ofanana nkhope ndi ana osakwana zaka 13.

Si makina onse otchedwa ofulumira amene amajambula kamodzi. Ena amawalitsa mizeremizere katatu kapena kuposerapo motsatizana, ulendo uliwonse mizereyo itasendezedwa pang'ono, n'kuphatikiza zithunzizo kuti apeze kuya molondola kwambiri. Munthu akasuntha pakati pa chithunzi choyamba ndi chachitatu, tsaya losalala limatuluka ndi timafunde ngati malata a padenga. Ena amayeza nthawi imene kuwala kumatenga kupita pankhope ndi kubwerera, monga Kinect yachiwiri ya 2013. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, koma kamera zambiri za mtunduwu zimafunikabe kuwerenga kangapo kuti zipange chifaniziro chimodzi, ndipo mutu ukayenda pakati pa kuwerengako, m'mphepete mwa nkhope mumabadwa timadontho toyandama pamene palibe kanthu.

Chimene chinachitikira agogo anga ndinadzachimvetsa nditawerenga za njira yolumikiza zifaniziro zambiri kukhala chimodzi, imene inatchuka ndi KinectFusion ya Microsoft Research mu 2011. Kamera imajambula ka 30 pa sekondi uku ikuzungulira chinthu, ndipo pulogalamu imasoka zidutswazo pamodzi poganiza kuti imene ikuyenda ndi kamera yokha, china chilichonse chili chikhalire. Kwa mutu wa m'bawa ganizo limeneli linali loona. Kwa agogo, mapewa, mpando ndi khoma la kuseri kwawo zinali pamalo amodzi, koma mutu unkapita uku ndi uku kangapo pa sekondi. Chidutswa chilichonse pachokha chinali cholondola ndithu. Pulogalamu inazisanjika motsatira zinthu zosasunthazo, ndipo mphuno ya kumanja ndi mphuno ya kumanzere zinakhala mphuno imodzi yonenepa. Kwa ine kusunthako kunali kwapang'onopang'ono, kwa kupuma ndi kutopa kwa khosi, ndiye m'malo monenepa nkhope inangopotoka. Kunjenjemera kwa matenda a Parkinson kumakhala ka 4 mpaka ka 6 pa sekondi, ndipo pali mitundu ina ya kunjenjemera imene imagwira mutu weniweniwo, makamaka mwa okalamba. Kwa anthu oterewa, makina alionse ofuna ngakhale theka la sekondi amakhala atayeza mitu ingapo m'malo mwa umodzi.

Pali chinanso chimene chimaumitsa nkhaniyi. Makina ozindikira munthu amafunanso umboni wakuti ali pamaso pa munthu wamoyo, osati chigoba kapena chosema, ndipo umboni umenewu kawirikawiri ndi kusuntha komweko: phethirani, tembenuzani mutu, yang'anani kuno. Polembetsa nkhope pa Face ID munthu amauzidwa kuti azungulize mutu kuti mbali zonse zioneke, ndipo potsegula foni maso ayenera kukhala otsegula ndi oyang'ana pa foniyo. Ndimayamikira kuti anaikamo njira ina yolembetsera amene sangathe kuzunguliza mutu wonse, chifukwa zimasonyeza kuti wina anakumbukira makosi ouma ndi matupi olumala. Koma kukangana kwa zofuna ziwirizi kulipobe. Kuti ayeze bwino, makina amafuna munthu wokhala ngati mutu wa m'bawa uja, pamene mutu wa m'bawa ndi umene makina omwewo ayenera kuukana ukafika pa chitseko.

Tsopano tione chimene chimachitika chifaniziro chopotoka chikafika pogamula. Kompyuta sinena kuti inde kapena ayi mwa iyo yokha. Imapereka nambala yosonyeza kufanana kwa nkhope ziwiri, ndipo munthu wina amakhala ataika malire a pamene kufananako kwakwanira. Kusuntha kumatsitsa nambala ya mwini wake weniweni, ndiye amakanidwa. Oyang'anira akatopa ndi madandaulo n'kutsitsa malire kuti okanidwa achepe, amatsegulira mpata mlendo wofanana naye pang'ono. Choncho kugwedezeka kwa mutu kumalipiridwa ndithu, kaya ndi munthu woona amene watsekeredwa kunja kapena ndi chitetezo chimene chafooketsedwa. Choipitsitsa ndi pamene kupotokako kwachitika tsiku la kalembera, chifukwa chifaniziro cha tsikulo ndi muyeso wa masiku onse otsatira. Zili ngati sikelo ya pamsika imene inalakwika tsiku loitchera, imene imanamiza aliyense wobwera ndi thumba lake ngakhale chimanga chili chokwanira. Foni imatha kukonzanso muyeso wake pang'onopang'ono pamene mwini wake akuigwiritsa ntchito, koma kaundula amene amajambula munthu kamodzi n'kusunga zaka zambiri alibe mwayi wotero. Munthuyo amakanidwa lero, mawa ndi mkuja, ndipo amene amaoneka wokayikitsa ndi iyeyo, osati makina.

Ndikaona mapepala otsatsa makina oterewa, ndimapeza manambala a kulondola olembedwa m'tizigawo ta milimita. Manambalawo sindiwakana, koma kawirikawiri amapezeka poyeza zinthu zolimba zosasuntha, zofanana ndi chosema cha pa kabati ya agogo. Amene akugulira bungwe lake makina ayenera kufunsa kaye kuti kuyeza kumodzi kumatenga nthawi yaitali bwanji, kuti chifaniziro chimapangidwa ndi kujambula kumodzi kapena kangapo, ndiponso kuti makinawo anayesedwa pa anthu otani, atakhala pansi kapena ataimirira. M'maganizo mwanga, makina olondola pang'ono koma ojambula kamodzi ndi abwino pa ntchito yozindikira anthu kuposa makina olondola kwambiri ofuna masekondi awiri. Ndingawonjezenso kuti pa kalembera payenera kukhala mpando wokhala ndi chotsamira, kujambula kawiri kapena katatu n'kuyerekeza zifanizirozo zisanasungidwe, ndi njira ina yodziwira munthu amene mutu wake sungakhazikike. Zifaniziro ziwiri za munthu mmodzi zojambulidwa mphindi imodzi yomweyo zikasiyana, umenewo ndi umboni wokwanira wakuti chimodzi chapotoka, ndipo kuyerekezako kompyuta ingakuchite yokha popanda kudalira maso a wogwira ntchito wotopa.

Kuno kwathu, kalembera wa unzika amene National Registration Bureau inachita mu 2017, wa anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, anatenga zidindo za zala ndi chithunzi chafulati cha nkhope, osati chifaniziro cha 3D. Koma mafoni oyeza nkhope mwa 3D ali kale m'matumba a anthu ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo aliyense amene anaimapo pa mzere wautali amadziwa momwe munthu amafikira pamaso pa kamera. Mayi amafika ali ndi mwana kumsana amene akutakataka, bambo amafika akupuma mwawefuwefu atapalasa njinga mtunda wautali, nkhalamba imafika itatsamira ndodo. Ndaonanso kuti ukamuuza munthu mwaukali kuti asasunthe, amaumitsa nsagwada ndi kugwira mpweya, kenaka n'kuutulutsa wonse pa nthawi yolakwika. Anthu amene matupi awo sangathe kukhala phee ndi omwewonso amene zimawavuta kubwereranso ku ofesi kukadandaula, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya mamilimita ndi masekondi ndimaitenga ngati nkhani ya anthu amenewa.

M'mawa mwake ndinayesanso. Ndinatulutsa mpando wa ndalema, ndinaika pilo kuseri kwa khosi la agogo, ndipo sindinawauzenso kuti akhazike mutu. Ndinasiya zozungulira ndi kamera, ndinazimitsa zolumikiza zidutswa zija, n'kungojambula kuchokera kutsogolo kamodzikamodzi uku tikucheza za mvula ndi za mtengo wa feteleza. Pa zifaniziro zimene zinatuluka ndinasankha chimodzi chimene maso anali otsegula. Chinali chokhakhala, chopanda makwinya ang'onoang'ono amene ndinkafuna, ndiponso chopanda kumbuyo kwa mutu, koma mphuno inali imodzi ndipo inali yawo. Amayi anga atangoponya diso pa laputopu anati, "Amenewa ndi bambo ndithu." Agogo anayang'anitsitsa kwa nthawi, anakhudza galasi ndi chala, kenaka anafunsa kuti, "Nanga makutuwa wawasiya kuti, mdzukulu wanga?" Ndinawafotokozera kuti kamera imodzi singaone kutsogolo ndi m'mbali nthawi imodzi, ndipo ndinawalonjeza kuti pa Pasaka ndidzabweranso ndi makamera angapo oti adzajambule onse pamodzi.